Chikole chakufa: chimene chimafa m'mawu akuti mortgage

Mphwanga amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds, ku England, anagula nyumba pangongole chaka chatha. Tsiku lomwe analandira makiyi anaponya chithunzi pagulu la WhatsApp la kumudzi kwathu, koma nthungululu zisanathe n'komwe, msuweni wathu wina anaponyapo kauthenga kamene kamazungulira m'mafonimu. Akuti mawu oti mortgage, dzina la Chingerezi la ngongole ya nyumba, ndi Chifalansa, mort ndi imfa, gage ndi lonjezo, ndiye kuti mnyamatayo wasainira kulipira mpaka kulowa m'manda. Mayi athu aang'ono zinawakhudza. "Mwanawe, bwanji sunangoumba njerwa kuno n'kumamanga pang'onopang'ono ngati anzako?"

Uthengawo suli wabodza wonse. Mawuwo ndi Achifalansadi, akale kwambiri, ndipo mort ndi gage zilimodi. Pamene walakwa m'pa funso loti wakufayo ndani. Alembi akale akamalemba mawuwa m'Chilatini ankati mortuum vadium, ndipo mortuum si dzina la imfa ayi, ndi mawu ofotokoza chinthu chimene chafa. Nkhuku yakufa ndi nkhuku ya pamaliro ndi nkhuku ziwiri zosiyana. Mortgage ndi chikole chakufa. Wokongola ndalamayo ali moyo, chafa ndi chikolecho. Ndiye chikole chimafa bwanji? Yankho lake lili pawiri, ndipo akatswiri a malamulo a ku England eniakewo anapereka mayankho osiyana pa nthawi zosiyana.

Ine yankho loyambalo ndinalimvetsa nditakumbukira dimba la malume anga.

Malume anali ndi dimba labwino m'mphepete mwa mtsinje, la dothi lakuda, losauma ngakhale mu Okutobala. Chaka china mwana wawo anasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko, fizi palibe, fodya sanagulitse bwino. Anapita kwa bambo wina wa golosale pamsika. Ndinawaperekeza, ndili mnyamata wonyamula mpando. Bamboyo sanavute.

"Ndalamayo tengani, achimwene. Ine sindine wa katapila, sindikuikirani kalikonse pamwamba. Mudzandibwezere yomweyo tsiku limene mwaipeza. Koma dimba lija ndiyambe ndalima ine kufikira tsikulo."

Malume anathokoza mpaka kuwomba m'manja. Kwathu zimenezi timati pinyolo. Bamboyo analima dimbalo zaka zisanu ndi ziwiri: tomato, kabichi, chimanga chachiwisi cha m'chilimwe. Chaka chilichonse ankatolamo ndalama yoposa theka la imene anakongoza. Ngongole ya malume sinatsike ndi tambala imodzi yomwe.

Chikole chakufa chija ndi chimenechi, ndendende. Cha m'ma 1187 mpaka 1189, m'nthawi ya Mfumu Henry II, kunalembedwa buku lofotokoza malamulo ndi miyambo ya ufumu wa England, limene limadziwika ndi dzina la Ranulf de Glanvill, mkulu wa oweruza a mfumuyo. Bukulo limasiyanitsa mitundu iwiri ya chikole cha malo. Pa mitundu yonse iwiri wokongoza ndalama ndiye ankatenga mundawo n'kumadya zokolola kapena kutolera lendi. Kusiyana kunali pa kawerengedwe. Pa mtundu woyamba, chilichonse chimene wakolola chinkachotsedwa pangongole, mpaka ngongoleyo kutha yokha. Ku Normandy, dera la kumpoto kwa France, mtundu umenewu ankautchula kuti vif gage, chikole chamoyo, chifukwa mundawo ukumugwirirabe ntchito mwini wake ngakhale uli m'manja mwa wina. Pa mtundu wachiwiri zokolola zinkangolowa m'nkhokwe ya wokongoza, ngongole ili chiimire. Kwa mwini wake munda woterowo unali ngati wafa: ukubala, koma osamubalira iye.

Tiyerekeze ndi ndalama zathu. Mwakongola K1,000,000 ndipo dimba lanu limatulutsa phindu la K250,000 pachaka. Chikole chikakhala chamoyo, pakatha zaka 4 mumakatenga dimba lanu popanda kupereka kanthu. Chikakhala chakufa, pakatha zaka 10 mnzanuyo wadyapo K2,500,000 ndipo akukudikirabe ndi dzanja lotambasula kuti mumupatse miliyoni yake.

N'chifukwa chiyani anthu ankazungulira chonchi m'malo mongonena kuti chiwongoladzanja ndi chakuti? Chifukwa mpingo unkaletsa. Ku Ulaya wa nthawi imeneyo, Mkhristu wolandira chiwongoladzanja pangongole ankawerengedwa wochimwa, ndipo akafa osalapa ankatha kumanidwa mwambo wa maliro. Chikole chakufa chinali njira ya kuseri. Wokongozayo ankatha kulumbira pamaso pa wansembe kuti sanaikepo kalikonse pamwamba, monga momwe bambo wa golosale uja ananenera, pamene nkhokwe yake ikusefukira ndi tirigu wa m'munda wa mnzake. Chodabwitsa n'chakuti ena mwa okongoza akuluakulu mwa njira imeneyi anali nyumba za amonke, chifukwa ndizo zinali ndi ndalama zosungidwa. Zinafika poti mu 1163, pamsonkhano wa mpingo ku Tours, Papa Alexander III analetsa atsogoleri a mpingo kuchita zimenezi, n'kulamula kuti zokolola zizichotsedwa pangongole. Buku la Glanvill lija nalonso silibisa mawu. Limati khoti la mfumu silikuletsa chikole chotere, koma limachiona ngati katapila, ndipo munthu akafa akuchigwiritsa, katundu wake ankachitidwa monga wa wakatapila aliyense, kutanthauza kuti ankapita kwa mfumu.

Si anthu wamba okha amene ankapinyolitsa. Mu 1096 Robert, mwana wamkulu wa William amene anagonjetsa England, anafuna ndalama zopitira kunkhondo ya ku Yerusalemu. Anapereka dziko lonse la Normandy kwa mng'ono wake William Rufus ngati chikole cha mamaki a siliva 10,000 (maki unali muyeso wa ndalama wa nthawiyo). Mng'onoyo analamulira dzikolo n'kumatolera misonkho yake mpaka pamene anafa ndi muvi ali kosaka nyama mu 1100. Ina ndi yoseketsa pang'ono. Mfumu Christian I ya Denmark ndi Norway inakwatitsa mwana wake Margaret kwa James III wa ku Scotland, koma chuma chimene inalonjeza kuperekeza nacho mkwatibwi chinasowa. Mu 1468 inaika zilumba za Orkney pachikole cha ndalama zagolide 50,000, chaka chotsatira n'kuwonjezera Shetland pa 8,000. Sizinawomboledwe. Mu 1472 Scotland inangozilowetsa mu ufumu wake, ndipo zili komweko mpaka lero.

Mwina mukufunsa kuti Chifalansa chinkatani m'makhoti a ku England. Chinabwera ndi nkhondo. Mu 1066 William wa ku Normandy, dera la kumpoto kwa France, anawoloka nyanja, napambana ku Hastings, n'kugawira anthu ake pafupifupi malo onse a dzikolo. Eni minda atsopanowo ankalankhula Chifalansa chakwawo, ndipo patapita nthawi chinakhala chilankhulo cha milandu, makamaka milandu ya malo. Mlimi wachingerezi ankaima m'khoti n'kumamva anthu ovala mikanjo akukambirana za munda wake m'chilankhulo chimene sakuchidziwa. Amene anakhalapo pabenchi ya khoti la majisitireti kwathu kuno, akudikira womasulira kuti amuuze zimene zangonenedwa zokhudza iye mwini, akudziwa mmene zimamvekera m'mimba. Mu 1362 nyumba ya malamulo inalamula kuti milandu izikambidwa m'Chingerezi chifukwa anthu ambiri sankamva Chifalansa. Lamulolo analilemba m'Chifalansa. Maloya anapitiriza kulemba mabuku ndi malipoti awo m'Chifalansa chosakanizika mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1600, ndipo lamulo lokakamiza Chingerezi m'zolemba za makhoti linayamba kugwira ntchito mu 1733.

Zotsalira zake timazitchula tsiku ndi tsiku osadziwa. Khoti, jaji, belo, apilo, lendi, lizi: onsewa anatipeza kudzera m'Chingerezi, koma kwawo kwenikweni ndi ku France. Munthu akamati m'bale wake watuluka pa belo ndipo loya akuti achita apilo, walankhula Chifalansa cha zaka mazana asanu ndi awiri zapitazo kawiri m'chiganizo chimodzi.

Tsopano yankho lachiwiri, limene ndi lomwe mabuku ambiri otanthauzira mawu amapereka.

Chikole chakufa cha mtundu wakale chitayamba kununkha katapila, maloya anapeza njira ina. Wofuna ndalama ankapereka munda wake kwa wokongoza ngati waugulitsa kotheratu, koma m'pangano munkalembedwa kuti akabweza ndalamayo pa tsiku lakutilakuti, mundawo ubwerera kwa iye. Dzina lakale lija linatsatira pangano latsopanoli. Pofika m'zaka za m'ma 1400, woweruza wina dzina lake Thomas Littleton analemba buku la malamulo a malo, m'Chifalansa cha maloya chomwe chija, limene linasindikizidwa cha m'ma 1481. Pofotokoza chifukwa chake chikolechi chimatchedwa chakufa, iye sanatchule za zokolola. Anati ngati mwini munda salipira pa tsikulo, munda wamuchokera mpaka kalekale, ndiye kuti wafa kwa iye. Ngati walipira, chikolecho chafa kwa wokongoza uja. Kulikonse kumene nkhani ingagwere, pali mmodzi amene chimufere. Edward Coke, loya wotchuka wa m'nthawi ya Mfumukazi Elizabeth I ndi Mfumu James I, anabwereza mafotokozedwe amenewa m'ndemanga zake pa buku la Littleton mu 1628, ndipo popeza maloya a ku England ndi ku America anaphunzira malamulo a malo kuchokera kwa Coke kwa mibadwo ingapo, yankho limeneli ndi limene linamera mizu.

Ine ndimakhulupirira Glanvill. Analemba zaka pafupifupi 300 Littleton asanalembe, pa nthawi imene chikole chamoyo ndi chakufa zinali kuchitika mbali ndi mbali, ndipo dzina lililonse limamveka bwino ukaliyika pafupi ndi linzake. Littleton anapeza dzina lilipo koma mwambo umene unalibala utasintha, ndiye analipezera nkhani yogwirizana ndi zimene ankaona. Ifenso timatero ndi mayina a midzi ndi mapiri: dzina likakalamba kuposa anthu okumbukira chiyambi chake, wina amalipangira nthano yokoma, ndipo nthanoyo imakhala yosavuta kukumbukira kuposa zoona zake. Komabe onani kuti pa awiriwa palibe amene akunena za imfa ya munthu. Nkhani yoti udzalipira mpaka kufa ndi yachitatu, ya masiku ano, ndipo ikugwirizana ndi ngongole za masiku ano. M'nthawi ya Littleton panalibe zolipira mwezi ndi mwezi kwa zaka 25. Panali tsiku limodzi, ndalama yonse pakamodzi.

Tsiku limodzi limenelo linali lankhanza. Ukachedwa ndi tsiku, kaya mtsinje unadzaza, kaya hatchi inathyoka mwendo panjira, munda wapita, ngakhale mtengo wake utaposa ngongoleyo kakhumi. Makhoti wamba ankangowerenga zimene zalembedwa basi. Anthu anayamba kukadandaula kukhoti la Chancery, limene linkaweruza poyang'ana chilungamo cha nkhani osati zilembo zokha, ndipo m'zaka za m'ma 1600 khotilo linakhazikitsa mfundo imene ikutitetezabe mpaka pano: munda woperekedwa chifukwa cha ngongole ndi chikole chabe, ngakhale pepala litalembedwa ngati kugulitsa. Mwini wake ali ndi ufulu wouwombola ngakhale tsiku litadutsa, bola abweze ngongole, chiwongoladzanja ndi zowonongedwa. Ufulu umenewu amautcha equity of redemption, ndipo ndi kumene kunachokera mawu akuti equity amene a kubanki amatchula ponena gawo la mtengo wa nyumba limene ndi lanulanu mukachotsa ngongole. Okongoza nawo anadandaula kuti sangadikire mpaka Yesu adzabwere. Khoti linawapatsa njira yopempha kuti liike tsiku lomaliza, likadutsa chitseko chowombolera chitsekedwe. Ndiyo foreclosure, mawu enanso Achifalansa, ochokera ku forclos, kutsekeredwa kunja.

Kuchokera pamenepo zinthu zinatembenuka pang'onopang'ono mpaka kufika pamene tili. Wokongola ndiye amakhala m'nyumba kapena kulima munda, wokongoza amangosunga ufulu wogulitsa zikavuta. Akagulitsa, amatengapo zake zokha, chotsala n'cha mwini nyumba. Mfundo yomalizayi anthu ambiri saidziwa, ndipo wakatapila wa m'tauni amene amakulembetsa kalata yoti "ndagulitsa nyumba yanga" pamene mwagwirizana ngongole, akusewera masewera omwe aja a zaka za m'ma 1400, podalira kuti simukafika kukhoti.

Kubweza pang'onopang'ono kunabwera ndi mabungwe omangitsana nyumba. Loyamba lodziwika linayambira m'nyumba yomwera mowa ku Birmingham mu 1775, kwa munthu wina dzina lake Richard Ketley. Linali ngati chipereganyu: mamembala ankasonkha mwezi ndi mwezi, ndalama ikakwana nyumba imodzi amachita maere, mpaka aliyense atapeza yake, bungwe n'kutha. Ku America ngongole yaitali yolipira mofanana mwezi uliwonse inafala boma litalowererapo m'zaka za m'ma 1930, anthu ambirimbiri atalandidwa nyumba pa nthawi ya mavuto aakulu a zachuma. Kubweza kotereku kuli ndi dzina lake, amortisation, ndipo mukaliyang'anitsitsa muona mort yemwe uja ali pakati. Tanthauzo lake ndi kupha ngongole pang'onopang'ono. Apa ndiye pali nthabwala ya mbiri: ngongole ya nyumba ya masiku ano, imene ndalama iliyonse yolipidwa imadulako thunthu la ngongole, ikufanana kwambiri ndi chikole chamoyo kusiyana ndi chakufa chimene inatengera dzina.

Ndanena kuti imadulako, koma tisanamizane za kukula kwa nkhwangwayo. Tiyerekeze kuti mwakongola K20,000,000 pa chiwongoladzanja cha 25 peresenti pachaka, yobweza zaka 15. Mwezi uliwonse muzipereka pafupifupi K427,000. Pa mwezi woyamba, pafupifupi K417,000 mwa ndalama imeneyo ndi chiwongoladzanja. Imene yapha ngongole ndi K10,000 yokha ndi kakusintha pang'ono. Mukamadzamaliza mudzakhala mutapereka ndalama yoyandikira K77,000,000. Munthu amene walipira mokhulupirika zaka zitatu n'kukapempha sitetimenti, n'kupeza kuti ngongole yake yangosuntha ngati kamba, akhoza kukhululukidwa akaganiza kuti chikole chake n'chakufa ndithu. Kumene chiwongoladzanja chili chotsika, monga kumene kuli mphwanga uja, nkhwangwayo imadya mofulumirirapo. N'chifukwa chake kwathu kuno anthu ambiri amasankha njira ya mayi aang'ono aja: puloti chaka chino, maziko chaka chamawa, malata akapezeka.

Gawo lachiwiri la mawuwa, gage, ndi limene limandisangalatsa kwambiri, chifukwa likufanana ndi mawu athu m'njira imene sindinkayembekezera. Afalansa analitenga kwa Afulanki, mtundu wolankhula chinenero cha gulu la Chijeremani umene unapatsa dziko la France dzina lake. Ku Paris ankati gage, ku Normandy ankati wage, monga momwe Guillaume wa ku Paris alili William wa ku Normandy. Angerezi anatenga onse awiri. Wage anasanduka malipiro a ntchito, ndalama imene bwana walonjeza. Gage analowa mu mortgage komanso mu engage, kudzimanga ndi lonjezo, n'chifukwa chake chinkhoswe cha mphete amachitcha engagement. Chingerezi chakale chinali kale ndi m'bale wa mawu omwewa, wed, amene poyamba ankatanthauza chikole asanayambe kutanthauza kukwatira. Ndipotu malo amodzi akale kwambiri pamene mawu akuti mortgage amapezeka m'Chingerezi si m'buku la malamulo. Ndi m'ndakatulo ya John Gower ya cha m'ma 1390, pamene akunena kuti mwamuna akakwatira, lonjezo lake la kukhulupirika laikidwa pachikole.

Nanga ife chikole timachidziwira kuti? Agogo athu akamati mtsikana uyu analandira chikole, sankanena za banki. Ankanena za mpango, mkanda kapena kandalama kamene mnyamata wapereka posonyeza kuti mawu ake ofunsira mbeta si amasewera, ndipo chibwenzi chikatha chikolecho chinkabwezedwa. Mawu omwewo ndi amene timagwiritsa ntchito pa wailesi imene wasiya kwa mnzako pokongola ndalama. Anthu awiri otalikirana, Anormani ndi Achewa, anaona chinthu chimodzi: ukwati ndi ngongole zonse zimayamba ndi munthu wonena kuti ndidzachita, ndi wina woyankha kuti siya kanthu kaye. Owerenga Baibulo akukumbukira Yuda akusiyira Tamara mphete, chingwe ndi ndodo yake, komanso lamulo la m'Deuteronomo loletsa kutenga mphero ya munthu ngati chikole, chifukwa kutero n'kumulanda moyo. Dimba la malume linali mphero yawo.

Pinyolo nayenso ndi mlendo, ngakhale wakhala nafe nthawi yaitali moti sitimufunsanso kwawo. Anachokera ku penhor wa Chipwitikizi, ndipo anakwera ndi amalonda a m'chigwa cha Zambezi monga anachitira mawu ena ngati nsapato. Choncho Mchewa wofuna kufotokoza nkhani imeneyi ali ndi mawu atatu m'thumba: lake lobadwa nalo, la Apwitikizi, ndi la Afalansa lodzera kwa Angerezi. M'kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku atatuwa anagawana ntchito. Chikole ndi chinthu chilichonse chogwiriziza. Pinyolo ndi pamene chinthucho chachoka m'manja mwako n'kukakhala kwa wokongoza. Mogeji ndi ya kubanki, ya mapepala, nyumba uli nayo ndiwe.

Ponena za katchulidwe, t wa pakatiyo satchulidwa, ndipo amene amati mogeji ali pafupi ndi eniake kuposa amene amalimbana naye kuti amveke ophunzira. Angerezi akale ankalemba morgage, popanda t. Anadzamubwezeramo pambuyo pake anthu okonda kuonetsa kumene mawu anachokera, koma lilime la anthu silinawatsatire.

Pali chisokonezo china chimene chimagwetsa ngakhale ophunzira zamalamulo chaka choyamba. Timakonda kunena kuti banki yandipatsa mogeji. Kunena mwa malamulo, banki imakupatsani ngongole, inu ndi amene mumaipatsa mogeji, chifukwa chikole chimachokera kwa mwini nyumba. Ndiye pa pepala paja, mortgagor ndi inu wokongola, mortgagee ndi banki. Timichira ta -or ndi -ee timeneti natonso n'ta Chifalansa cha maloya, woyamba wochita, wachiwiri wochitiridwa, monga zilili pa lessor ndi lessee m'mapepala a lizi. Ndinaonapo bambo wina wachikulire, mphunzitsi wopuma ntchito, atasaina pamzere wa banki chifukwa anaganiza kuti mawu otha ndi -ee ndi a munthu wolandira ndalama. Kalaliki anangomwetulira n'kutulutsa fomu ina. "Musadandaule bambo, si inu oyamba."

Mawuwa anafika kwathu ndi malamulo a atsamunda. Lamulo la mu 1902 lokhazikitsa makhoti m'dziko limene pa nthawiyo linkatchedwa British Central Africa linabweretsa malamulo a ku England monga analili pa 11 Ogasiti chaka chimenecho, pamodzi ndi mfundo za khoti la Chancery zija. Koma mukatenga ngongole ya nyumba pa malo olembetsedwa pansi pa Registered Land Act ya mu 1967, pepala limene musaine silitchedwa mortgage. Limatchedwa charge, mawu enanso ochokera ku France otanthauza katundu wosenza. Kusiyana kwake n'kwakuti umwini suchoka m'dzina lanu. M'kaundula wa malo amangolembamo kuti puloti iyi yasenza ngongole ya uje, ndipo simungaigulitse mtolowo usanatulidwe. England nayo inatsata njira yomweyi kuyambira ndi lamulo la malo la mu 1925. Malo a makolo, amene ali m'manja mwa mafumu ndi mabanja, mabanki sawalandira kawirikawiri chifukwa alibe pepala loti angagulitse, ndipo mpata umenewo ndi umene pinyolo wa m'midzi amakhalamo.

Abale athu a ku Johannesburg ndi ku Harare mawuwa sawatchula kwenikweni. Kumeneko malamulo a katundu anachokera kwa Adatchi ndi Aroma, ndipo munthu amati ndikulipira bond. Ku Mozambique nkhani ndi ina. Malamulo aakulu a dzikolo amanena kuti nthaka ndi ya boma, sigulitsidwa, ndipo siikidwa pa hipoteca (mogeji) kapena kukhala penhorada, mawu a banja limodzi ndi penhor. Pinyolo wathu uja alimo m'malamulo aakulu a dziko loyandikana nalo, m'chiganizo chomuletsa. Munthu wa ku Tete kapena ku Angónia amakhala ndi chilolezo chogwiritsa ntchito malo, ndipo chimene angaike pachikole ndi nyumba kapena zina zimene wamangapo, osati dothi.

Afalansa eniake anawataya mawuwa kalekale. Mukapita kubanki ku Lyon n'kunena kuti mukufuna mort-gage, akuyang'anani ngati mwatuluka m'buku la mbiri yakale. Iwo amati hypothèque, mawu ochokera ku Chigiriki, omwenso Apwitikizi anatengako hipoteca. Chikole chimene wokongoza amatenga malo n'kumadya zipatso zake chilipobe m'malamulo awo, koma lamulo limamukakamiza kuchotsa zipatsozo pa chiwongoladzanja kenako pa ngongole yeniyeniyo. Ndiye kuti mwa ana awiri aja, Afalansa anasunga wamoyo, dzina la wakufa n'kulisiyira Angerezi, amene analinyamula kupita nalo ku America, ku India, ku Australia mpaka ku Zomba. Andale nawonso analitola. Mukamva phungu akukuwa m'nyumba ya malamulo kuti boma lapinyolitsa tsogolo la ana athu ndi ngongole zakunja, akumasulira mwambi wa Chingerezi umene uli ndi mawu omwewa, ndipo m'Chichewa ukumveka bwino kuposa kwawo.

Dimba lija linabwerera. Mwana amene anapitira kusukulu uja atayamba ntchito ya uphunzitsi, malipiro ake a miyezi itatu yoyamba anapita kwa bambo wa golosale. Tinapitanso tonse, malume atavala jekete la kutchalitchi. Bamboyo anawerenga ndalamazo kawiri, n'kunena kuti zakwana, palibe chotsala. Kenako anakanda m'mutu.

"Koma achimwene, mwandidzidzimutsa. Muli kabichi wanga mmenemuja, wangoyamba kumene kukulunga. Mundilole ndikolole kaye."

Malume anavomera. Anadikiranso miyezi iwiri.